Iwe ku Lusaka, Ine ku Vubwi

Esinati mwana wanga,

Kuyambira tsiku lija ndinakuuza za ulendo wanga sunandiyang'anenso kumaso. Ndikakufunsa kanthu ukuyankhira khoma, ndipo madiresi ako wasita wekha, ngakhale tonse tikudziwa kuti makolala amakukanika. Sindikukudzudzula. Ndinakulonjeza kalekale kuti tsiku lopita kusukulu ya unamwino ku Lusaka tidzakwera basi imodzi, ndikakuone ukulowa pachipata, ndikaonenso bedi lako ndi amene uzikagona nawo pafupi. Tsopano mawa pa Sinda iwe ukwera yolowera kumadzulo wekha, ine yolowera kum'mawa, kwa a Velonika ku Vubwi, kukaona mwana wawo. Atate ako sangasiye munda mwezi uno wa kupalira. Unandifunsa kuti, "Amama, mwana wa eni ndiye wakula kuposa wanu?" Sindinakuyankhe pomwepo chifukwa mtima wanga ndi wapachala, ndikanayankha zoipa. Odwala a lero apita, ndakhala pano patebulo la kuchipatala kuti ndikuyankhe mofatsa. Uwerenge yonse, usadumphe mizere monga umachitira ndi makalata a azakhali ako.

Palinso mawu ena amene unanena mwezi watha, atate ako atakuuza kuti ukapeze anzako kumeneko. Unati, "Ine ndikupita kukaphunzira, osati kukacheza." Atate ako anaseka nandiponyera diso, poti akudziwa kumene unawatenga mawu amenewo. Unawayamwa kwa ine, iwe Naphiri. Nkhani ya mawu akowo ndi nkhani ya ulendo wanga wa mawa ndi imodzi.

Ndinali wamng'ono kuposa iwe pamene ndinayamba kuphunzira uzamba ku mishoni. Mpaka lero ndikamva fungo la nsalu zowiritsa ndimaona khonde lija lalitali, mabeseni atayanikidwa padzuwa, ndi Dona, mzungu woyang'anira chipatala, akudutsa makiyi akulira m'chiuno. Tinali atsikana ochepa. Tinkaimba pochapa, tinkaba mango a kuseri kwa nyumba ya abusa, ndipo Lamlungu tinkalowa m'tchalitchi pamzere, titavala zoyera, anyamata a sukulu akutembenuza makosi. Mmodzi mwa otembenuzawo ndi amene akukonza chingwe cha bokosi lako panjapa. Dona anali wouma pakamwa koma manja ake anali ofewa. Anandiphunzitsa kupeza mutu wa mwana ndi zala, kuwiritsa sizasi, kuwenga zikhadabo, ndi kusaonetsa mantha pankhope. Iweyo unabadwira m'manja mwake. Ndimamusowa mayi uja, ndipo ndimasowa masiku amenewo. Koma pamodzi ndi zabwino zonsezo tinatengako china chimene mwina iye sanafune kutiphunzitsa, kuganiza kuti kunja kwa mpanda wa mishoni kulibe wodziwa kanthu. Pamene ananditumiza ku kachipatala kathu kano ndinabwera ndi bokosi la zida, mayunifolomu ndi mtima umenewo.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitikira ku Fort Jameson, iwe uli kasungwana. Dokotala wa boma anaitanitsa azamba a zipatala zonse za kuno kum'mawa, za mishoni ndi za boma, kuti tikakumbutsidwe ntchito. Tinapita palole yonyamula mtedza, titakhala pamwamba pa matumba, ndipo tinafika tili ofiira ndi fumbi ngati mbatata zokumba kumene. Tinkagona m'kalasi la sukulu ina. Maphunziro akatha, anzanga ankatulutsa mphasa pakhonde n'kuyamba kusimba za ntchito: wina za mapasa amene anatulukira miyendo, wina za mayi amene anakomoka, wina za apongozi amene anabisa mankhwala a chikuda pansi pa mphasa. Ankaseka, ankatsutsana, ena mpaka kulira. Ine ndinkakhala m'kati ndikusita yunifolomu yosita kale. Ndinkati m'mtima, za ntchito ndinamva kwa Dona, awa andiuzanso chiyani?

Tsiku lina anandilondola m'kalasimo mayi wina wamfupi, wonenepa, wa mpata m'mano, korona ali m'khosi, chizindikiro choti si wa mpingo wathu. Anali ndi phava la nthochi m'manja.

"Inu a Nabanda, ndamva kuti muli cha ku Sinda," anatero. "Ine ndine Velonika. Kwathu ndi ku Vubwi, koma boma linandiika tsidya la Kapoche. Ndife oyandikana, tambala wanu akalira wanga amayankha. Nyemani nthochi."

Ine ndinati, "Zikomo, ndakhuta."

"Mukhuta chiyani, phala la m'mawa lija munthu amaonamo nkhope yake? Chabwino. Koma mudzawoloke tsiku lina tidzaonane, mudzaone pamene ndimagwirira."

Ndinati tidzaona. Mwana wanga, ukumbukire mawu amenewa akuti tidzaona, ndi chitseko chotseka mwaulemu. Kwa a Velonika kunali koti munthu wa njinga akanyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanawawe, koma sindinapite.

Iwo sanaleke. Amayi a kumalire a midzi ankapita uku ndi uko, wina mimba yoyamba kwa iwo, yachiwiri kwa ine. Tsiku lina anabwera mayi wina woyembekezera ndi amake, ndipo amakewo anati, "Azamba a tsidya atituma kuti tikuuzeni, mwana wanguyu ulendo watha zotsalira zinachedwa kutuluka, mukhale tcheru." Unali uthenga wabwino, wa munthu wodziwa ntchito. Ndinaugwiritsa ntchito, ndipo mayiyo anachira bwino. Koma kuyankha kwanga kunali kwakuti, "Kuno tili ndi njira zathu." Ngakhale zikomo sindinatumize. Ndinkaona ngati kuvomera kuti wandithandiza ndi kuvomera kuti amandiposa. Esinati, mnzako wa chipatala china akadzakutumizira mawu okhudza wodwala, udzabweze mawu tsiku lomwelo, ngakhale ali oti ndamva, zikomo. Usaiwale.

Tsopano ndikuuze za chaka chija unali kugonera kusukulu ya atsikana ku mishoni, ukubwera patchuthi n'kundipeza ndili wowonda, ndikuyenda chogwira khoma. Tinakuuza kuti amama anadwala malungo. Unali mwana, ndipo zinthu zimenezi sauza ana. Lero ukupita kukagwira ntchito yomweyi, uyenera kumva.

Ndinali ndi pakati. Tinapangana ndi atate ako kuti masiku akayandikira ndidzapita kukadikirira ku mishoni. Koma panali amayi ena amene ankadikira ine, ndiye ndinkangoti achire uyu ndipita, achire uyo ndipita. Unali mwezi wa mvula yosakata. Matenda anandiyamba m'mawa wina, masiku asanakwane, ndipo usiku wapitawo madzi anali atakokolola mlatho wa pamsewu wa ku mishoni. Ndinadzigwira ndekha pamimba ndipo zala zanga zinandiuza chimene sindinafune kumva. Mwana anali atagona chopingasa. Ndinali nditatembenuzapo ana otere mwa amayi ena, koma mzamba sadzichiritsa yekha. Anabwera amayi achikulire a m'mudzi, azakhali a atate ako ndi anzawo, anthu a mtima wabwino, nachita zonse zimene ankadziwa. Ine ululu ukaleka pang'ono ndinkawauza pogwira, koma kutembenuza mwana si chinthu chophunzitsa munthu uli chigonere.

Atate ako anali panja, poti mwamuna salowa. Anabwera kuseri kwa khoma nati, "Amake Esinati, ndipite tsidya ndikaitane azamba aja?"

Ndinati, "Mukanena kuti mwatumwa ndi yani? Munthu sindinamupatsepo moni."

Anabweranso kachiwiri, ndinakananso. Ndinkadziuza kuti mwana atembenuka yekha, pena amatero. Koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi. Taganiza, mwana wanga, munthu ali pakati pa moyo ndi imfa koma akuwerengabe za manyazi. Dzuwa litapendeka, azakhali anatuluka osandifunsa nauza atate ako kuti, "Thamangani, uyu asakulamuleninso." Atate ako anasiya njinga pagombe, nawoloka Kapoche madzi ali m'khosi.

A Velonika sanafunse kuti wakutumani ndani. Atate ako amati asanamalize n'kufotokoza komwe, iwo anali atamanga kale chikwama chawo m'nsalu. Pamtsinje anyamata odziwa doko anawagwira mikono uku ndi uku, chikwama chili pamutu, chifukwa ndi kufupika kwawo madzi akanawamiza. Analowa m'nyumba diresi ikudontha, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Ndinatembenuzira nkhope kukhoma. Iwo anati, "A Nabanda, zoyang'ana khoma mudzachita mawa. Lero ndiyang'aneni ine, tigwire ntchito. Mwaona chiyani?" Anandifunsa monga mzamba afunsira mzamba mnzake, ndipo ine ndinawauza zonse zimene zala zanga zinapeza. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, natembenuza mwanayo.

Anali mwamuna, mlongo wako. Sanalire. A Velonika anayesa zonse, ndinkawaona, koma anali atapita kale. Ndisanayambe n'kulira komwe, magazi anayamba kutaya osaleka, ndipo ndinamva makutu akulira, nyumba ikutalikira. Iwo anatulutsa jakisoni m'chikwama nandibaya, nakanikiza chiberekero ndi dzanja lawo osasiya mpaka chinalimba. Jakisoni ameneyo, woletsa magazi, anali atafika kumene m'zipatala za boma, ife a mishoni zazing'ono tisanamuone. Pambuyo pake anandiuza kuti tsiku limene anamulandira anaganiza za ine, kuti akanandigawirako ndi kundionetsa kabayidwe kake, koma anaopa kuuzidwanso kuti kuno tili ndi njira zathu.

Mwanayo anakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, monga amachitira ndi mtayo, popanda nyimbo, popanda maliro. Ine sindinapite, ndipo malo ake anandionetsa patapita nthawi. A Velonika anakhala nane mpaka ndinayamba kudzuka, akundiphikira phala, akundisambitsa, akuonanso odwala anga amene ankabwera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Mukanabwera m'mawa, akanakhala moyo?" Anati, "Sindikudziwa, ndipo inunso simudzadziwa. Madzi akatayika saoleka. Muli ndi mwana kusukulu, idyani phala." Mpaka lero sindikudziwa, Esinati. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka panalibe china chotsekereza njira ya tsidya koma moni amene sindinapereke. Zimandipwetekabe, makamaka mvula ikamagwa chonchi.

Nditapeza mphamvu, madzi ataphwa, ndinagwira thadzi lalikulu, ndinadzaza dengu ndi ufa woyera, ndinawoloka. Iwe wakula ukumva ndikuwatcha anjira, ndipo mwina umayesa ndi dzina lachibale. Si abale athu konse. Chinjira ndi pamene mkazi asankha mkazi mnzake wosakhala wa mtundu wake namupititsira mphatso. Winayo akabweza, basi, chamangidwa: maliro ako ndi ake, ukwati wa mwana wako ndi wake, ukadwala ndiye woyamba kuuzidwa. Ndinaika dengu pakhomo pawo. Iwo anayang'ana nkhukuyo nati, "Iyi yokha? Ine ndinamwa theka la Kapoche chifukwa cha inu." Tinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinalekere pa kuseka. Mwezi wotsatira anabwera kuno ndi nsalu ndi mkoko wathunthu wa nthochi, nandikhalira pafupi mpaka ndinadya.

Si onse anakondwa. Mkulu wina wa mpingo wathu anadzakhala pansi pa mtengo pakhomo pano nafunsa atate ako kuti bwanji mkazi wa Mkhristu wodziwika akuyenderana ndi anthu a korona. Atate ako, amene sayankha munthu kawirikawiri, anati, "Tsiku lija madzi ali m'khosi sindinaone katekisimu akuwoloka mtsinje. Ndinaona mayi ameneyu." Nkhani inathera pomwepo. Kumene ukupita udzapeza a mipingo yonse, a zilankhulo zimene sunazimvepo, ena odya zimene ife sitidya. Sindikuti usiye chikhulupiriro chako. Ndikuti usafunse munthu kumene amapemphera usanaone mmene amagwirira wodwala.

Zaka zimene zinatsatira ndizo zinali zokoma koposa pa ntchito yanga yonse. Tinkakumana Loweruka lakumapeto kwa mwezi, pena kwa iwo, pena kwa ine. Kenaka anatiphatikira mzamba wina wa cha ku Katete, wolankhula osapuma, ndi wina wa cha ku Petauke amene ankatiseka kuti Chinsenga chathu ndi chopunduka. Titachuluka tinayamba kukumana pa Sinda, pakhonde la sitolo ina, njinga titazitsamiritsa pachipupa, tikumwa tiyi wa m'kapu zamalata ndi zitumbuwa. Anthu odutsa ankayesa ndi miseche ya amayi, koma inali sukulu. Wa ku Katete ndiye anandiphunzitsa kufunditsa mwana wosakwana masiku ndi mabotolo a madzi ofunda okulunga m'nsalu. Wa ku Petauke anandiphunzitsa kulankhula ndi apongozi ovuta, kuti uwapatse ntchito yowiritsa madzi asakupingepinge. Ndipo ndinadabwa kuona kuti nanenso ndinali ndi chowapatsa. Zimene Dona anaika m'zala zanga, za kudziwa kagonedwe ka mwana mimba isanakule, iwo sankazidziwa bwino, ndipo ankabwera ndi amayi awo oyembekezera kuti ndiwaonetse. Zaka zonse zija ndinkabisa nzeru imeneyo ngati mbewu m'chikwatu, osadziwa kuti ikufumbwa.

Panali zinanso zimene sungaziuze mwamuna wako kapena abusa. Mayi akakufera m'manja, anthu a m'mudzi amakuyang'ana, a kunyumba amakutonthoza ndi mawu osadziwa. Ndi mzamba mnzako yekha amene angakufunse kuti unachita chiyani, nanga kenaka, nanga kenaka, mpaka atakuuza zoona, kuti apa sukanachitira mwina, kapena kuti apa ulendo wina udzachite chakuti. Anzako a chipatala chimodzi pena satha kutero, chifukwa nonse mumaopa mkulu mmodzi ndipo nonse munaphunzira njira imodzi. Cholakwa chimene nonse mumachita palibe amene amachiona. Amachiona ndi wochokera kwina. Tsiku limenelo lidzakufikira, mwana wanga, palibe namwino amene limamulambalala, ndipo ndikufuna lidzakupeze uli ndi kopita.

Mlongo wako wamng'ono Yohane, woswa makapu uja, anabadwira m'manja mwa a Velonika. Ulendo umenewo anabwera masiku asanakwane n'komwe, nadzakhala kuno akundilamula ngati wodwala wamba. Ndinkati ndikadzuka kukaona mayi wina, iwo amvekere, "Gonani, mzamba pano ndi mmodzi." Yohane atalira, atate ako anavina panja, munthu amene ngakhale pa ukwati wathu sanasunthe phazi.

Ngakhale malo amene ukupitawa, usayese anagwa kumwamba. Unakhoza bwino mayeso, zimenezo ndi zako ndipo palibe angakulande. Koma mbiri yoti ku Lusaka akulandira atsikana chaka chino sinafike ku mishoni kwathu pa nthawi yake. Mzamba wa ku Katete uja, amene anatsatira mwamuna wake kumigodi, ndiye anaimva kwa anamwino a kumeneko, nakumbukira kuti Nabanda ali ndi mwana wokonda mabuku, nanditumizira mawu. Akanakhala chete, bwenzi mwezi uno uli ndi khasu pambali pa atate ako. Nzeru ndi zako, koma khomo anakuonetsa ndi munthu wa pakhonde la sitolo.

Tsono tamvera. Ukakafika, ukalemekeze akuluakulu ako ndi kukonda anzako a m'kalasi, amenewo ndiwo a tsiku ndi tsiku. Koma maso ako asakathere pampanda wa chipatalacho. Kuzikabwera anamwino a zipatala zazing'ono operekeza odwala awo, atatopa, ali ndi fumbi, osadziwa kolowera. A m'tauni amawadutsa ngati sakuwaona. Iwe ukawapatse mpando, ukawafunse dzina ndi kumene achokera, ukawauze mmene wodwala wawo wagonera. Akakuitanani ku msonkhano ndi a zipatala zina, usakakhale ndi okhaokha amene unabwera nawo. Ndipo usakasankhe a maudindo okha. Masiku ano anyamata akuimba za ufulu m'misewu ndipo akuti zinthu zisintha, a Dona adzapita kwawo, zipatala zidzatsala m'manja mwanu. Zikadzatero, amene adzakuyankhe ukadzaitana si wamkulu wa muofesi, ndi mnzako amene munagawana naye chitumbuwa.

Uyambe ndiwe kupatsa, usanafune kanthu. Akulu anati kupatsa n'kuika. Munthu amene amakukumbukira pokhapokha zikamuthina umamudziwa ndi kagogodedwe kake, ndipo ine ndinagogodapo chotero, ndikudziwa kulemera kwake. Wina akakulembera, umuyankhe ngakhale utatopa. Ukadziwa kanthu katsopano, uuze mnzako wa kutali amene sikanamufike. Koma pakamwa usamale. Pakhonde paja tinkasimba za matenda, osati za mayina a eni matenda, ndipo za kuipa kwa akuluakulu athu tinkazisiya kunyumba. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wa ku Petauke anatulutsapo dzina la mkazi wa munthu kamodzi kokha, ndipo nkhaniyo inakafika kumudzi iye asanafike ndi njinga yake.

Masiku a pakhonde aja anatha. Wa ku Petauke tinamuika m'manda, wa ku Katete ali kumigodi, a Velonika boma linawabwezera kwawo ku Vubwi. Sitoloyo ilipobe, koma ndikadutsapo ndimafulumiza njinga. Chilimwe chilichonse iwo amabwera kuno, monga ukudziwa, kapena ine ndimapita, ndipo timakhala pamphasa kusimba zomwe zija tinasimba kale. Chaka chatha unaona wekha kuti dzanja lawo lamanja linafooka atadwala, kapu akuigwira ndi manja awiri. Anaseka nazo, nati tsopano apuma kusenda mtedza. Ine sindinaseke, chifukwa ndikudziwa chimene dzanja limenelo lili kwa mzamba.

Uthenga umene unabwera ndi woyendetsa lole uja sunaumve wonse, unatuluka ndisanamalize. A Velonika anati, "Kauzeni anjira anga kuti mimba ya Aginesi sindikuimvetsa. Dzanja langa silikumvanso bwino, ndipo mvula ili pafupi kudula msewu." Aginesi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi, amene munkasewera naye mtondo ali wamng'ono, ndipo iyi ndi mimba yake yoyamba. Kuchipatala chawo kuli mtsikana wongoyamba kumene ntchito. Ndiyenera kukagwira mimbayo ndi zala zanga. Ngati mwana wagona bwino, ndikhala mpaka achire. Ngati wagona moipa, ndikawakakamiza kuti timunyamule kupita naye ku Fort Jameson msewu usanatsekeke, ndipo a Velonika sangamvere wina aliyense pa zimenezi koma ine. Ndikayamba ndapita ku Lusaka n'kubwerera, mitsinje ya kumapiri kuja idzakhala itadzaza. Zaka zonsezi mayi ameneyu sanandipemphepo kanthu, ngakhale singano. Munthu wotere akatumiza mawu, ndiye kuti wachita mantha.

Wandifunsa ngati mwana wa eni wakula kuposa wanga. Ayi, Esinati. Palibe munthu pansi pano amene ndimamukonda kuposa iwe ndi Yohane. Usiku uliwonse wa mwezi uno ndakhala ndikudziona ndili pachipata cha sukulu yako, ndikukonza kolala yako komaliza, ndipo kuti sindidzaona zimenezo zikundiwawa kuposa mmene ukuganizira. Ndikuopanso, usayese sindikuopa. Sunapiteko kutali kuposa Petauke, ndipo Lusaka ndimangomumva. Koma iwe ukupita ndi miyendo yako iwiri, mutu wabwino ndi pakamwa pofunsira njira. Ndikapita nawe ndikangokhala wonyamula katundu ndi wolira pachipata. Ku Vubwi akufuna manja anga, ndipo manja amenewa alipo lero chifukwa mayi uja sanafunse kuti wa eni ndani.

M'thumba la m'mbali ndakuikira chiponde ndi mbatata zootcha, ndipo sizasi yanga yakale ili pansi pa bulangeti, ukaisunge ngakhale akakupatse yatsopano. Woyendetsa basi ndimudziwa, ana ake onse anabadwira pano, akakutsitsa pamalo oyenera ndi kukuonetsa njira. Pa mlatho wa Luangwa anthu akamakatsika m'basi, usakasiye bokosi lokha.

Kalatayi ndiika pamwamba pa bokosi lako kuti uiwerenge tisananyamuke. Ngati ukhalabe wokwiya, khala wokwiya, ndi ufulu wako, ine ndinakwiyirapo anthu pa zochepa kuposa izi. Koma basi yako ndiyo imayamba kufika, ndipo ndidzaima pamsewu mpaka itabisika. Ndikakafika ku Vubwi, a Velonika asanandionetse n'komwe Aginesi, adzandifunsa kuti mwana wathu wapita bwanji. Akadziwa kuti wapita ndi chotupa mumtima chifukwa cha iwo, adzandibweza pakhomo pomwepo, ndimawadziwa. Kunama kwa iwo sinditha. Undiuze mawa, usanakwere, choti ndikawayankhe.

Mulungu akutsogolere panjira, mwana wanga.

Ndine amayi ako,
Nabanda